Kodi thiraki yanga ndi imene inabweretsa Freddy?

Gulu: Ana a ku Soche, akumudzi ndi akunja

Lachiwiri madzulo

Bambo a Chisomo: Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano poti pagulu pano pali aphunzitsi, amakaniko ndi ena okhala kunja. Ambiri mukudziwa kuti ndimayendetsa thiraki ya mafuta, Beira mpaka Blantyre, ndipo chaka chino ndi cha 14. Dzulo Chisomo, mwana wanga uja ali Fomu 3, anandipeza pakhonde n'kundifunsa kuti, "Adadi, kusukulu taphunzira kuti utsi wa galimoto ukusintha nyengo. Ndiye kuti thiraki yanu inathandiza nawo kubweretsa namondwe Freddy?" Sananene mwamwano ayi, anafunsa ndi mtima wonse. Ine pakamwa panangouma. Nonse mukudziwa kuti matope a m'phiri la Soche anapita ndi anthu amene tinkapemphera nawo. Ndiuzeni zoona, mwanayu ndikamuyankhe chiyani?

Mayi a Tiyamike: Ayi bambo, musadzipweteke mtima. Inu mumagwira ntchito kuti ana adye. Ine mng'ono wanga anapita ndi matope omwewo ku Chilobwe, koma sindinaganizepo zoloza chala dalaivala wa thiraki.

Yohane wa kabaza: Kapena amanena maminibasi aja otulutsa utsi wakuda bii pokwera chitunda cha ku Ndirande. Ife a njinga timaupuma tsiku lonse, madzulo ukamina umaona zakuda.

Aphunzitsi NaChisale: Bambo a Chisomo, mwana wanu wafunsa funso labwino, ndipo musamuyankhe mongomutonthoza. Ndiyambe ndi zimene achimwene a Yohane anena, chifukwa pamenepo ndi pamene ambiri timasokonezeka. Pa paipi ya galimoto pamatuluka zinthu zingapo. Utsi wakuda umene timauona ndi mwaye, dizilo amene sanapse bwino. Umenewo umawononga mapapo, umadzutsa chifuwa ndi mphumu. Koma chimene chikutenthetsa dziko kwambiri ndi mpweya wa kaboni, ndipo umenewu suoneka, sununkha. Galimoto yatsopano yonyezimira, yosatulutsa utsi ngakhale pang'ono, imautulutsabe. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweyawu, ya dizilo pafupifupi 2.7. Ukakwera kumwamba umagwira kutentha kumene kukanabwerera kuthambo, ngati mmene chivundikiro chimasungira kutentha mu mphika. Ndipo suchoka msanga, wina umakhala komweko zaka mazana.

A Mbewe amakaniko: Aphunzitsi, pamenepo mundithandize. Lita ya petulo ndimainyamula ndi dzanja tsiku ndi tsiku, siifika ndi kilogalamu imodzi yomwe. Nanga 2.3 ikuchokera kuti?

Aphunzitsi NaChisale: Ikuchokera mu mpweya umene injini imakoka, a Mbewe. Inu mukudziwa kuposa ine kuti injini ikatsekeka fyuluta ya mpweya imalephera kukoka. Kaboni wa mu petulo akamapsa amalumikizana ndi okosijeni wa mu mpweya umenewo, ndipo okosijeniyo ndi amene amalemera kwambiri pa zotulukazo. Petulo amapereka gawo laling'ono, lalikulu injini imatenga mumlengalenga.

A Mbewe amakaniko: Zamveka tsopano. Ndiye ndifunsenso. Anyamata ambiri masiku ano akuchotsa catalytic converter, kachipangizo kosefa utsi ka pa paipi ya galimoto, n'kugulitsa, poti mkati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali. Ine ndimawakaniza. Kodi chimenechi chimatchinga kaboniyo?

Aphunzitsi NaChisale: Chimachepetsa mipweya ina yapoizoni imene imatidwalitsa, ndiye pitirizani kuwakaniza. Koma mpweya wa kaboni sichitchinga. Palibe chosefa cha pa galimoto chimene chimaugwira. Njira ndi imodzi basi, kuwotcha malita ochepa.

Bambo a Chisomo: Ndatenga cholembera. Ulendo umodzi, kupita wopanda katundu n'kubwera nditadzaza, kudzera ku Tete ndi pa Mwanza, ndimawotcha dizilo malita ngati 750. Ndikachulukitsa ndi 2.7 zikundipatsa makilogalamu opitirira 2,000. Matani awiri pa ulendo umodzi? Ndipo kumbuyo ndimanyamula petulo malita 35,000, amene akakapsa m'galimoto za anthu ndi matani 80. Aphunzitsi, ndiye kuti mwana uja akunena zoona.

Mayi a Tiyamike: Mwaona tsopano, munthu mwamuwonjezera nkhawa.

Aphunzitsi NaChisale: Mayi, ndipirireni pang'ono ndimalize. Masamu anu ali bwino, bambo, koma matani awiriwo si anu nokha. Ndi a aliyense amene adzakwere minibasi, ambulansi, kabaza kapena lole ya chimanga yoyendera mafuta amenewo. Ndipo tiyeni tiwaike pa sikelo ya dziko lonse. Tikagawa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi mafakitale kwa munthu aliyense, Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 pa chaka. Wa ku South Africa amapitirira matani 6. Wa ku America ali cha m'ma matani 14. Africa yonse siifika ndi 4 peresenti ya mpweya umene dziko limatulutsa pa chaka. Zamtengatenga pa dziko lonse zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kaboni wochokera ku mafuta, malasha ndi gasi, ndipo mwa zimenezo, magawo atatu mwa anayi ndi za pamsewu. Koma misewu yake ndi ya ku America, ku Ulaya, ku China. Kuno munthu wamba amayenda pansi kapena pa njinga yakapalasa.

Za Freddy ndinene mosamala. Anamondwe analipo kalekale, agogo athu amakumbukira Napolo wa ku Zomba wa 1946. Chimene chasintha n'chakuti nyanja yatentha, ndipo namondwe amatenga mphamvu zake ku madzi ofunda. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasenza chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndiye mvula ikamagwa imagwa yochuluka. Freddy anakhala moyo masabata oposa asanu, kuchokera kufupi ndi Australia mpaka kudzafika kuno mu Malichi 2023, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotere. Kwa ife kuno panawonjezeka chinthu china, phiri lopanda mitengo ndi nyumba zomangidwa m'matherezi.

NaPhiri ku London: Ndawerenga zonse ndili pa basi kuchokera ku ntchito, ndipo mtima wanga walemera. Achimwene, ngati pali wina pagulu pano woti adzifunse, ndine. Ndikabwera kumudzi pa Khirisimasi, London, Addis Ababa, Lilongwe, n'kubwereranso, mpando wanga wokhawo umapitirira tani imodzi ya kaboni. Mayi anga ku Thyolo angatenge zaka zoposa khumi kuti afike pamenepo. Koma nanga ndisiye kukawaona? Ali ndi zaka 78.

Mayi a Tiyamike: Achemwali, mayi ndi mayi. Bwerani ndithu.

NaPhiri ku London: Ndibwerabe, koma ndinasiya zoti tikapeza tchuthi cha masiku atatu tikwere ndege kupita ku Spain ngati mmene anzanga a kuntchito amachitira. Kuno ndege zina zimatchipa kuposa sitima ya pamtunda, ndiye anthu amauluka ngati akupita kumsika. Ndege zonse pamodzi zimatulutsa 2 peresenti ndi kanthu ya kaboni wa dziko, koma okwera ndi anthu ochepa kwambiri, omwewomwewo chaka ndi chaka. Anthu ambiri pa dziko sanakwerepo ndege.

Za galimoto, kuno anakhwimitsa. Kuli dongosolo lotchedwa ULEZ, linayamba mu 2019 pakati pa mzinda, mu 2023 analifalitsa London yense. Galimoto yakale yotulutsa utsi woipa imalipira £12.50 tsiku lililonse ikayenda. Cholinga chake chachikulu ndi mapapo a anthu, koma ambiri anagulitsa galimoto zakalezo. Ine ndilibe galimoto, ndipo sindiisowa, chifukwa basi imabwera mphindi zochepa zilizonse.

A Mbewe amakaniko: Ndiye galimoto zakale zimene mayiko olemera akuzitayazo zimathera kuti? Zimathera pa galaja panga pano. Sienta, Freed, Passo, Vitz, zonse zinayenda kale ku Japan zaka khumi kapena kuposa, zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

Aphunzitsi NaChisale: Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linatulutsa lipoti mu 2020 lonena kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anagulitsa kunja galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo pafupifupi 40 peresenti ya izo zinabwera ku Africa. Ku Kenya salola galimoto yopitirira zaka 8 kulowa.

A Mbewe amakaniko: Koma ndinene chilungamo, si zonse zoipa. Ka Passo kapena ka Mira kosamalidwa bwino kamamwa pang'ono kuposa zigalimoto zikuluzikulu zatsopano za mabwana, zimene zimanyamula munthu mmodzi ndi chikwama chake. Chimene chimandipweteka ine ndi kusasamala. Munthu amayenda chaka chathunthu osasintha mapulagi, fyuluta itatsekeka, matayala ali ofooka mpweya, kenako n'kumadandaula kuti galimoto ikumwa. Tayala lopanda mpweya wokwanira limakoka mafuta ngati ukupalasa njinga mumchenga. Zimenezi ndimauza makasitomala anga tsiku lililonse, poti petulo wakwera mtengo. Sindinkadziwa kuti ndikunenanso za nyengo.

Lachitatu m'mawa

Agogo a Gama: Ana anga, dzulo ndinagona msanga, ndawerenga m'mawa uno. Ndiloleni ndilankhule, chifukwa nkhaniyi yafika pa ntchito imene ndinakalambira. Ndinagwira ntchito ya njanji ku Limbe zaka 27. Masiku amenewo fetereza, mafuta, fodya, tiyi, shuga, zambiri zinkayenda pa njanji. Njanji ya ku Nacala, yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Ya ku Lilongwe kuchokera ku Salima inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako mpaka Mchinji. Kummwera tinkadutsa ku Nsanje, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana mpaka Beira. Ku Chipoka katundu ankatsika m'sitima ya pamtunda n'kukwera ya panyanja kupita kumpoto.

Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji ziwirizo m'zaka za m'ma 1980, katundu anasamukira pamsewu, ndipo sanabwererenso onse. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ku Chiromo. Zaka zambiri zinadutsa kumeneko kuli zii.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo silivuta kukoka ngati tayala pa phula. Injini imodzi kapena ziwiri zimakoka mabogi makumi angapo, katundu amene pamsewu angafune mathiraki makumi angapo, lililonse ndi injini yake ndi thanki yake. N'chifukwa chake tani imodzi ya katundu pa njanji imadya dizilo wochepa kwambiri. Lero njanji yabwino kwambiri m'dziko muno ndi imene imadutsa malasha a ku Moatize kupita ku Nacala. Ndikaiona ndimasangalala ndi ukatswiri wake, koma mtima umandiwawa kuti chimene ikunyamula ndi malasha okawotchedwa kunja, pomwe mafuta athu ambiri akubwerabe pa matayala. Mu 2024 sitima ya mafuta itafikanso ku Lilongwe patadutsa zaka zoposa 20, ine ndinagwetsa misozi.

A Tembo ku Chipata: Zikomo madala, mwatikumbutsa. Njanji ya Mchinji inafika kuno ku Chipata mu 2010, koma katundu wodutsapo ndi wochepa, mathiraki ndi amene adzaza msewu wa Great East. Pa mafuta ife tili ndi mwayi wa paipi ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam mpaka Ndola, makilomita 1,710, inamangidwa mu 1968. Kale inkanyamula mafuta osayenga, tsopano imapopa dizilo. A ku Zimbabwe nawonso ali ndi paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Dizilo woyenda mu paipi safuna thiraki yomuperekeza.

Bambo a Chisomo: Agogo, ndakumvani ndipo sindingatsutse. Ndimaona ndi maso anga mzere wa mathiraki pa mlatho wa Tete ndi pa chipata cha Mwanza. Koma ndifunse mosabisa. Njanji ndi mapaipi zikatenga mafuta onse, ine ndikadya kuti? Fizi ya Chisomo imachokera pa chiwongolero chomwechi. Madalaivala tilipo ambiri, aliyense ali ndi banja kumbuyo.

Agogo a Gama: Mwana wanga, funso limenelo ndi lolemera, ndipo ine ndikulidziwa kuwawa kwake. Njanji itaperekedwa m'manja mwa kampani mu 1999 anzanga ambiri anali atachotsedwa kale ntchito, ena anabwerera kumudzi opanda kanthu. Sindingakuuze kuti kusintha sikupweteka. Koma sitima siifika ku Ntchisi, siifika ku Chitipa, siifika pa filing'i siteshoni ya ku Bangwe. Mafuta akatsika ku Kanengo kapena ku Blantyre adzafunabe thiraki. Kusiyana kwake n'kwakuti ungamagone kunyumba, osati kumatha sabata uli pa mzere ku Beira, ukulumidwa ndi udzudzu.

Bambo a Chisomo: Mathiraki ofunika adzachepabe, agogo.

Agogo a Gama: Adzachepa, sindikubisira. N'chifukwa chake zinthu zotere ziyenera kukambidwa poyera nthawi ikadalipo, madalaivala ali pompo, osati kudzangodzuka ntchito palibe ngati mmene zinatichitikira ife.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse. Ine ndiikepo za galimoto zamagetsi, poti anthu amaziona ngati mankhwala a zonse. Kuno ku Johannesburg magetsi ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga. Ukadutsa ku eMalahleni umaona utsi wa nyumba zopangira magetsi uli tolotolo. Ndiye ukatchaja galimoto kuno, utsi wina wangosamuka kuchoka pa paipi kupita kumeneko. Kwathu ku Malawi n'kosiyana, magetsi athu ambiri ndi a madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikiza a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti. Njinga yamagetsi yotchajidwa kumeneko ndi yoyera ndithu, ndipo siifuna madola ogulira petulo.

Yohane wa kabaza: Akulu, zimenezo ndimazilota. Pa tsiku ndimathira malita atatu kapena anayi, ndipo petulo akasowa ndimagona pa mzere, kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo wowawa. Ndinaona pa Facebook anzathu a ku Rwanda ndi ku Kenya, batire ikatha amapita pa siteshoni n'kusinthitsa ndi yodzaza, mphindi zochepa abwerera pamsewu. Koma nanga kuno magetsi akazima tsiku lonse? Komanso ndalama yogulira njingayo ndiitenga kuti, poti ino yomwe ndi ya abwana, ndimapereka ya tsiku?

A Tembo ku Chipata: Funso la Yohane ndi lenileni. Mu 2024 chilala chinaphwetsa damu la magetsi la Kariba, kuno ku Zambia tinkakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Ukanakhala ndi njinga yamagetsi yopanda sola ukanaiimika.

Aphunzitsi NaChisale: Ifenso tinaziona. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nyengo yomweyo imene tikufuna kuiteteza ikuwononga magetsi amene tikuwadalira. Ndiye malo osinthira mabatire afunika akhale ndi sola yawoyawo. Koma njira ilipo. Ku Ethiopia mu 2024 analetsa kuitanitsa galimoto zing'onozing'ono za petulo ndi dizilo, chifukwa ali ndi magetsi a madzi ndipo ndalama zakunja zinkathera ku mafuta. Vuto lawo likufanana ndi lathu. Ku Norway, mwa galimoto 10 zatsopano zogulidwa mu 2024, pafupifupi 9 zinali zamagetsi, ngakhale dzikolo limagulitsa mafuta ambiri kunja.

A Mbewe amakaniko: Tisaiwale kuti ifenso tili ndi chathu. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Ku Dwangwa anayamba kupanga mu 1982, kenako ku Chikwawa. Mayiko ambiri a mu Africa analibe zimenezi nthawi imeneyo.

Aphunzitsi NaChisale: Zoona, ndipo ubwino wake ndi woti kaboni amene ethanol amatulutsa ndi amene nzimbe inakoka mumlengalenga ikukula, osati wokumbidwa pansi. Malire ake ndi kuchuluka kwa nzimbe. Sitingalande minda ya chimanga kuti tidyetse galimoto.

Mayi a Tiyamike: Ine za magetsizo zandipitirira, koma ndinene za ulendo wanga. Ndimakaoda tomato ku Ntcheu, ndimakwera minibasi titathinana, madengu pamwamba. Ndikafika mu Blantyre madzulo, msewu wa Chipembere umakhala wodzaza, galimoto zili ndondondo kuyambira ku Chichiri, ndipo ukasuzumira muli munthu mmodzimmodzi. Injini zonse zikulira, palibe ikuyenda. Ndiye wowononga ndani, ife a m'minibasi yautsi kapena iwo?

Aphunzitsi NaChisale: Mayi, mwagunda penipeni. Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Blantyre mpaka Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imwa malita 30 ndi kanthu, amene ndi makilogalamu 70 a kaboni. Ngati muli munthu mmodzi, onsewo ndi ake. Basi yaikulu tiyerekeze yamwa dizilo malita 100, ndi makilogalamu 270, koma mukagawana anthu 60 aliyense satenga ndi makilogalamu 5 omwe. Minibasi yodzaza, ngakhale yakale, pa munthu mmodzi imatulutsa kaboni wochepa kwambiri poyerekeza ndi galimoto yokwera munthu mmodzi. Utsi wake wakuda ukonzedwe chifukwa ukutidwalitsa, koma osauka okwera limodzi si amene akutenthetsa dziko.

Achimwene a ku Joni: Ndiye chofunika ndi mabasi abwino a m'tauni. Ku Dar es Salaam anayamba mabasi a mwendokasi mu 2016, ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, sadikira mzere wa galimoto. Kuno mabasi otere, a Rea Vaya, anayamba mu 2009. Ku Lilongwe misewu yakuzidwa, ndi yokongola, koma kuno ndaona kuti msewu ukakula galimoto zimachuluka mpaka kudzazanso.

Agogo a Gama: Kale mu Blantyre munali mabasi akuluakulu a m'tauni, oyenda pa nthawi yake. Achinyamata sakhulupirira ndikawauza.

Yohane wa kabaza: Ndipo pokonza misewu aziganizirako oyenda pansi ndi a njinga zakapalasa. Anzathu a kabaza yopalasa sawotcha ndi dontho lomwe la petulo, koma ndi amene amakankhidwira kudzenje ndi galimoto. Mnzanga wina anathyoka mwendo chaka chatha chifukwa msewu ulibe malo a njinga.

NaPhiri ku London: Ndifunse nawo, msonkho wa kaboni uja unayamba mu 2019 pa galimoto, ndalama zake zimagwira ntchito yanji? Zikanamapita ku zinthu ngati zimene Yohane akunenazi anthu akanauona phindu lake.

A Mbewe amakaniko: Makasitomala anga amafunsa zomwezo. Ndi funso loti aphungu athu azifunsidwa pamisonkhano.

Aphunzitsi NaChisale: Ndiwonjezere chimodzi kuti tisanamizane. Kuno kwathu galimoto si gwero lalikulu la mipweya yotenthetsa dziko. Zazikulu ndi kutha kwa nkhalango, makala, nkhuni ndi ulimi. Matumba a makala amene amalowa mu Blantyre usiku kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza akutiwononga pawiri, kumwamba ndi pansi pomwe, chifukwa phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Koma makala sitingawasiye ndi mawu okha pomwe magetsi ndi gasi anthu sangakwanitse.

Mayi a Tiyamike: Ndiye ngati ife gawo lathu ndi lochepa chotere, bwanji maliro ali kwathu? Freddy anatenga anthu oposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke. Mng'ono wanga tinamupeza patatha masiku anayi. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya njala. Amene anawotcha mafuta ambiriwo akutipatsa chiyani?

NaPhiri ku London: Pepani achemwali, pepani kwambiri. Funso lanulo ndi limene mayiko osauka akhala akufunsa pa misonkhano ya nyengo zaka zambiri. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko amene awonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Ndalama zimene zalonjezedwamo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zawonongeka. Ine kuno ndimavota, ndipo ndinalembera phungu wa dera lathu za Chilobwe. Ife okhala kunja tili ndi pakamwa m'mayiko amene akutulutsa utsi wambiriwo, tisamangotumiza ndalama za maliro.

Mayi a Tiyamike: Lembanibe achemwali. Muwauze kuti anali ndi ana awiri, ndikuwalera ndine.

Lachitatu usiku

Bambo a Chisomo: Abale, ndakhala naye pansi Chisomo titatha kudya. Ndamuonetsa masamu a aphunzitsi, ndamuuza kuti inde thiraki yanga imatulutsa matani awiri pa ulendo, sindinamubisire. Ndamuuzanso za makilogalamu 100 a Mmalawi ndi matani 14 a ku America, za nyanja yotentha, za phiri lathu lopanda mitengo, ndi za njanji ya agogo. Anakhala chete, kenako anandifunsa kuti, "Nanga pa malita 750 aja, angati amapsa thiraki itangoima?" Sindinaganizepo. Pa chipata ndi pa doko timasiya injini ikulira maola ambiri, mwina chifukwa cha kutentha, mwina kuopa kuti batire ingatigwetse ulesi mzere ukasuntha. A Mbewe, thiraki ikangoima ikulira imamwa bwanji?

A Mbewe amakaniko: Injini yaikulu ngati yanuyo, malita awiri kapena atatu pa ola. Mukaima maola khumi ndi chigubu chathunthu cha malita 20 kapena kuposa.

Bambo a Chisomo: Ndiye pa ulendo wina ndimataya zigubu ziwiri ndili chiimire.

A Mbewe amakaniko: Bwerani nayo Loweruka m'mawa musananyamuke. Tiyeze mabatire ndi alternator kuti muzizimitsa mopanda mantha, tionenso ma injector ndi mpweya wa matayala onse. Mubwere ndi Chisomo, aone yekha fyuluta yotsekeka mmene imaonekera.

Aphunzitsi NaChisale: Ndipo mulembe malita a ulendo uno ndi a ulendo wotsatira, bambo. Ndikufuna ndikawerengere limodzi ndi ana anga a Fomu 3, ngati mungalole.

Bambo a Chisomo: Ndalola aphunzitsi. Chisomo wati kope alemba yekha. Ndinyamuka Lolemba mbandakucha, ndikafika pa Zóbuè ndidzatumiza nambala yoyamba.